Kaunjika ndi Thonje: Kodi Nkwabwino Kutchinga Malonda Akunja?

Pa tchuthi chapitachi ndinamva mkangano kwathu umene sunandichoke m'mutu kufikira lero lino. Amalume anga, amene alima thonje, anadza kudzationa, ndipo madzulo tiri pakhonde anayamba kudandaula za mtengo wa thonje. Potsiriza anatembenukira kwa amai nati, "Achemwali, mabelo anuwa ndiwo atipha ife alimi. Boma likadaletsa kaunjika, mafakitale a nsalu akadadzuka, ndipo thonje lathu likadapeza mtengo." Amai, amene agulitsa kaunjika pamsika, anaseka pang'ono nayankha kuti, "Achimwene, fizi ya mwanayu ituluka m'belo momwemo. Tsiku limene adzatseke belo, mudzamlipirira ndinu."

Ine ndinangokhala chete monga ayenera kuchita mwana pamaso pa akulu, koma mumtima ndinavutika, pakuti onse awiri ndiwakonda, ndipo onse awiri ananena zomveka. Nditabwerera kuno kusukulu ndinayamba kufunafuna m'mabuku ndi kufunsa aphunzitsi, ndipo ndinapeza kuti mkangano wa pakhonde pathu uja ndi wakale ndithu. Maiko akhala akukangana pa nkhani yomweyi zaka zoposa 300, ndipo kawirikawiri nsalu ndiyo inali pakati pa mlandu. Tsono ndipempha inu anzanga ndi aphunzitsi athu kuti mundilole ndiyale mfundo za mbali zonse ziwiri, kenaka ndinene maganizo anga.

Kutchinga malonda nkutani?

Boma likafuna kuteteza alimi ndi mafakitale a m'dziko lake kwa katundu wochokera kunja, liri nazo njira zingapo. Yoyamba ndi msonkho wa pachipata, umene mwini katundu alipira polowa m'dziko, monga pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji kapena pa Songwe. Yachiwiri ndi kuika malire a kuchuluka kwa katunduyo, kunena kuti chaka chino mulowe matani akutiakuti basi. Yachitatu ndi chiletso chenicheni, kuti katundu wakutiwakuti asalowe konse. Palinso njira zina zosaoneka msanga, monga kuchedwetsa ziphaso, kapena kupatsa mafakitale a m'dziko sabuside kuti agulitse motchipa kuposa alendo. Zonsezi m'nkhani ino ndidzazitcha mpanda.

Tiyerekeze kuti shati yochokera kunja ifika pamsika pa mtengo wa K10,000, ndipo yosokedwa kuno pa K12,000. Wogula aliyense adzatenga yakunja. Koma boma likaika msonkho wa K30 pa K100 iriyonse, shati yakunja idzakwera kufika K13,000, ndipo anthu adzatembenukira ku yakwathu. Fakitale yapeza ogula, antchito ake asunga ntchito yao, ndipo boma lilandira K3,000 pa shati iriyonse yakunja imene ilowabe. Koma wogula uja, amene dzulo analipira K10,000, lero alipira K12,000. Mlandu wonse wagona pamenepa. Kodi K2,000 imene yachoka m'thumba la wogula yagulira dziko chinthu chokhalitsa, kapena yangotayika?

Zimene anena ofuna mpanda

Choyamba, anena kuti fakitale yatsopano iri ngati mbande ya mtengo. Munthu akaoka mango pabwalo amangira kampanda kuti mbuzi zisadye, kufikira mtengo utakula. Momwemonso fakitale yongoyamba kumene siingathe kupikisana ndi mafakitale akale amene ali ndi makina ambiri, amisiri ozolowera ndi ogula odziwika. Maganizo awa anawalemba Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ku America, m'chaka cha 1791, ndipo Friedrich List wa ku Germany anawakuza m'buku lake la 1841. Maiko awiriwa anagwiritsadi misonkho ya pachipata pamene anali kukuza mafakitale ao.

Umboni umene aukonda koposa ndi wa dziko la England. Zaka 300 zapitazo akatswiri a nsalu za thonje pa dziko lonse lapansi anali anthu a ku India. Nsalu zao zinali zopepuka, zokongola, zosasuluka pochapa ndiponso zotchipa, kotero kuti oomba nsalu za ubweya wa nkhosa ndi za silika ku England anayamba kusowa ogula. Nyumba ya Malamulo inaletsa kulowetsa nsalu zamaluwa za ku India m'chaka cha 1700, ndipo mu 1721 inaletsanso kuzigulitsa ndi kuzivala. Wopezeka atavala ankalipa mapaundi 5. Koma thonje losaomba silinaletsedwe. Anthu a ku Lancashire anayamba kuliomba okha, ndipo James Hargreaves ndi Richard Arkwright atatulukira makina opotera ulusi m'zaka za m'ma 1760, ntchito ya nsalu inakula modabwitsa. Lamulo loletsa kuvala lija linachotsedwa mu 1774, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zinthu zinatembenuka: Manchester ndiye anayamba kugulitsa nsalu ku India, ndipo oomba ambiri a kumeneko anataya ntchito.

Chachiwiri, anena za ntchito. Thonje likachoka m'munda lipita kochotsa njere, kopota ulusi, koomba, konyika utoto, kenaka kwa telala, ndipo paliponse pamenepo pali munthu wolandira malipiro. Dziko limene ligulitsa thonje losaomba nkumagula malaya lipereka ntchito zonsezo kwa eni maiko ena. Ife tomwe taziona. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zao. Luso limenelo linazirala nsalu za m'mafakitale akunja zitachuluka. Titalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo inalemba anthu zikwi pa nthawi imene malonda a nsalu anali otetezedwa. Zipata zitatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, nsalu zotchipa za ku Asia ndi kaunjika zinasefukira m'misika, fakitaleyo inafooka, ndipo boma linaigulitsa mu 2003. Amalume akamadandaula akumbukira zimenezi.

Chachitatu, anena za ndalama zakunja. Katundu wa kunja sitimgula ndi kwacha, koma ndi madola amene tipeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbeu zina. Madola omwewo afunikanso pogula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Tsono afunsa kuti, kodi nkwanzeru kumwaza madola ochepawo pa zinthu zimene tingathe kupanga tokha?

Chachinai, anena kuti mpikisano wake si wachilungamo. Chovala cha kaunjika mwini wake woyamba anachipereka chaulere, kotero palibe telala angathe kusoka motchipa kuposa pamenepo. Ngakhale pa thonje lenilenilo, alimi a ku America alandira chithandizo cha boma lao. Mu 2003 maiko anai olima thonje, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anadandaula ku bungwe la malonda la World Trade Organization kuti chithandizocho chigwetsa mtengo wa thonje pa dziko lonse, ndipo dziko la Brazil linasumira America pa nkhani yomweyo nkupambana mlandu. Ngati olemera atchinjiriza alimi ao, osauka alekerenji kutchinjiriza ao?

Zimene anena otsutsa mpanda

Choyamba, anena kuti dziko lipindula likagwira ntchito imene ilipindulira koposa, zina nkumagula kwa anzake. Adam Smith anaphunzitsa zimenezi mu 1776, ndipo David Ricardo anazizamitsa mu 1817 poyerekeza England ndi Portugal pa malonda a nsalu ndi vinyo. Ine ndinazimvetsa motere. Pali telala wamphamvu amene atha kulima munda wake masiku 4, pamene mnyamata waganyu aulima masiku 6. Koma telalayo akakhala pa makina masiku 4 amenewo, apeza ndalama zolipira waganyu ndi zina zotsala. Chotero nkwanzeru kuti telala asoke ndipo mnyamata alime, ngakhale telala aposa mnyamatayo pa ntchito zonse ziwiri. Onse awiri apindula. Mpanda, anena iwo, uli ngati kukakamiza telala kusiya makina nkukagwira khasu.

Chachiwiri, anena kuti wolipira mpanda ndi wosauka. Mu 1815 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, imene inadzala ndi eni minda ikuluikulu, inapanga malamulo otchedwa Corn Laws, oletsa tirigu wakunja kulowa pokhapokha mtengo wa tirigu wa m'dzikomo utakwera kwambiri. Eni minda analemera, koma wantchito wa m'fakitale anagula buledi modula. Mu 1838 mumzinda wa Manchester munayamba gulu lolimbana ndi malamulowo, limene atsogoleri ake otchuka anali Richard Cobden ndi John Bright. Njala itagwa ku Ireland mu 1845 chifukwa cha matenda a mbatata, nduna yaikulu Robert Peel inachotsa malamulowo mu 1846, ngakhale chipani chake chinagawanika pa chifukwa chimenechi. Phunziro lake ndi lakuti opindula ndi mpanda ndi ochepa ndipo adziwana, kotero mau ao amveka msanga kuboma, pamene olipira ndi ochuluka koma omwazika. Kwathu kuno kaunjika ndiye anachotsa zigamba pa matupi a anthu ambiri akumudzi. Ndiyesa kuti tikadatsegula masutikesi athu m'chipinda chogona, ochepa ndiwo akadapezeka opanda juzi kapena nsapato ya m'belo. Ogulitsanso ndi anthu ambirimbiri, makamaka amai ndi anyamata, ndipo imeneyonso ndi ntchito.

Chachitatu, anena kuti walira mvula walira matope: ukatsekera mnzako chipata, iyenso adzakutsekera. Mu June 1930 pulezidenti Herbert Hoover wa ku America anasaina lamulo la Smoot-Hawley, lokweza misonkho pa mitundu ya katundu yoposa 20,000, ngakhale akatswiri a zachuma oposa 1,000 anamlembera kalata yomchenjeza. Canada ndi maiko a ku Ulaya anabwezera, ndipo mavuto a zachuma a zaka zimenezo anakula. Nchifukwa chake nkhondo yachiwiri itatha, maiko 23 anapangana mu 1947 kuti azitsitsirana misonkho, pangano limene linabala World Trade Organization mu 1995. Ifenso tinalawako. Mu March 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina, monga ufa, mpunga ndi zipatso, kuti liteteze alimi ndi kusunga ndalama zakunja. Mu April dziko la Tanzania linabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo amalonda a pa Songwe anasowa pogwira kufikira maboma awiriwo atakambirana. Dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu, limene katundu wake adzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, liyenera kusamala podana ndi anansi.

Chachinai, anena kuti mwana woberekedwa nthawi zonse saphunzira kuyenda. Fakitale yodziwa kuti ogula alibe kothawira siivutika kukonza katundu wake kapena kutsitsa mtengo. Ku India, kumene galimoto zakunja zinatchingidwa zaka zambiri, galimoto yotchedwa Ambassador inapangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kufikira 2014 maonekedwe ake osasintha kwenikweni, ndipo inayamba kutaya ogula anthu atangopatsidwa mwai wosankha zina. Ndiponso msonkho ukakwera kwambiri, katundu aleka kudzera pachipata nayamba kudzera m'tinjira ta usiku. Pamenepo boma litaya msonkho, fakitale siitetezeka, ndipo opindula ndi ozembetsa katundu ndi olandira ziphuphu.

Dziko limene linayesa

Maganizo a amalume anayesedwa ku Rwanda. Mu 2016 maiko a East African Community anagwirizana kuti pofika 2019 adzaleke kulowetsa zovala zakale. Rwanda inakweza msonkho wa zovalazo kuchoka pa masenti 20 a ku America kufika pa madola 2 ndi masenti 50 pa kilogalamu. Amalonda a ku America otumiza zovala zakale anadandaula kuboma lao, ndipo boma la America linaopseza kuti lidzachotsa maikowo pa mwai wa lamulo la AGOA la m'chaka cha 2000, limene linalola katundu wa maiko a mu Africa kulowa m'dzikolo wopanda msonkho. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha, pansi pa pulezidenti Paul Kagame, inakana, ndipo mu July 2018 pulezidenti Donald Trump anaimitsa mwai wa zovala za ku Rwanda.

Kodi chinatsatira nchiani? Mafakitale ena osoka zovala anatsegulidwa ndipo anthu ena anapeza ntchito. Komanso zovala zakale zinakwera mtengo, amalonda ambiri ang'onoang'ono anavutika, zina zinayamba kulowa mozemba, ndipo mbali yaikulu ya malo amene kaunjika anasiya inatengedwa ndi zovala zatsopano zotchipa za ku China. Ichi ndicho chinanditsegula maso. Kutseka belo sikutanthauza kuti wogula athamangira ku nsalu yakwao. Athamangira ku chimene chitsatira pa kutchipa.

Maganizo anga

Nditaunika zonsezi ndaona kuti mbali iriyonse iri ndi choona chake, ndipo iriyonse ibisa china. Otsutsa mpanda saneneratu kuti England ndi America anayamba atchinga, ndipo kuti eni mafakitale a ku Manchester anakonda malonda aufulu pamene iwo anali atakula kale. Ofuna mpanda nawonso saneneratu kuti chimene chinakuza nsalu za ku England si chiletso chokha, koma makina, malasha, zombo ndi misika ya maiko amene anawalamulira. Mpanda suoka mtengo. Ukamanga mpanda pa malo opanda mbande, udzangotchinga udzu.

Dziko limene lindiphunzitsa bwino ndi South Korea. M'zaka za m'ma 1960 linali losauka, ndipo boma la Park Chung Hee linateteza mafakitale ndi kuwakongoza ndalama motchipa. Koma linawaikiranso muyeso wa katundu woti agulitse kunja, ndipo olephera ankataya chithandizo. Nsalu ndi zovala zinali pakati pa katundu woyamba amene anagulitsa kunja, zombo ndi galimoto zisanabwere. Mpanda unalipo, koma mwini munda ankabwera kudzayesa ngati mtengo ukukula.

Chifukwa chake ndiganiza kuti tisanavomere mpanda uliwonse tiyenera kufunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi m'katimo muli mbande yoti ingakule? Fakitale ya nsalu ifuna magetsi osazimazima, thonje lokwanira chaka chonse, amisiri ophunzira ndi ngongole yosapha. Popanda izi msonkho suthandiza kanthu. Lachiwiri: kodi mpandawo udzachotsedwa liti, ndipo fakitale yalonjeza kuchita chiani pofika tsikulo? Lachitatu: kodi alipira ndani, ndipo angathe? Msonkho pa mafuta onunkhira ndi mowa wodula ulipidwa ndi olemera, koma msonkho pa bulangeti, pa ufa ndi pa juzi ya mwana ugwera wosauka.

Ndionjezepo chimodzi. Msika wathu ndi waung'ono, pakuti anthu ambiri alibe ndalama zogulira zatsopano kawirikawiri. Fakitale yodalira Amalawi okha idzakhala yodula nthawi zonse. Malawi anali mmodzi wa maiko 9 amene anayamba malonda opanda msonkho a COMESA mu October 2000, ndipo mu 2018 ku Kigali kunasainidwa pangano la msika umodzi wa Africa yense. Ngati tifuna kuti thonje la ku Balaka, Salima ndi Chikwawa lisanduke nsalu, tiyenera kuyang'ana ogula a ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania, ndipo sitingawagulitse kanthu titawatsekera zipata.

Tsono tchuthi chikudzachi ndikapempha mwaulemu kuti ndilankhulepo. Amalume ndikawauza kuti akunena zoona pofuna kuti thonje liombedwe konkuno, koma kuletsa kaunjika lero kungavule osauka popanda kukweza mtengo wa thonje lao. Amai ndikawauza kuti belo latithandiza ndipo sindiiwala, koma dziko silingakhale lovala zosiya ena mpaka kalekale. Njira imene ndiiona ndi kuyamba ndi zimene tingathe ndipo ogula ake alipo kale, monga yunifolomu za sukulu, zofunda za m'zipatala ndi zitenje, ndi kukweza msonkho pang'onopang'ono pamene nsalu yathu ichuluka ndi kutchipa.

Anzanga, ena mwa ife mawa tidzakhala pachipata kulandira msonkho, ena m'Nyumba ya Malamulo, ena m'mafakitale, ena m'minda ndi m'misika. Wina akadzatiuza kuti "titeteze zakwathu," kapena kuti "titsegule zipata," tisadzaombe m'manja msanga tisanafunse mafunso atatu aja. Ndipempha a bungwe la mtsutso kuti aike mutu umenewu pa Loweruka lina teremu ino, ndipo amene aona kuti ndalakwa adzandiongole pamenepo kapena m'magazini yotsatira.

Wophunzira wa Fomu 4